Kukhoma Matabwa pa Kasitima Kanga Koyamba



Kasitima kali patebuloka ndinakapanga mofanizira Cutty Sark, sitima ya matanga imene inapangidwa ku Dumbarton m'chaka cha 1869 kuti izinyamula tiyi kuchokera ku China. Lero imasungidwa ku Greenwich, mu London. Ntchito yaikulu pa kameneka inali kukhoma timatabwa ta m'mbali.

Poyamba, palani nthiti zonse ndi sandipepa kufikira kathabwa kazigona pa nthiti iliyonse popanda mpata. Chachiwiri, sitima njotambasuka pamimba koma yowonda kumphuno. Choncho yesani nthiti iliyonse ndi kapepala, mugawe muyesowo ndi chiwerengero cha timatabwa, ndipo kathabwa kalikonse mukasongole chakutsogolo, koma osapitirira theka la m'lifupi mwake. Kuti kapindike osathyoka, kaviikeni m'madzi otentha, kaumire pamalo pake, kenaka mumate ndi guluu.

Chachikulu nachi: mukamata kamodzi kumanja, matani kanzake kumanzere. Timatabwa timakoka, mukadzaza mbali imodzi yokha, msana wa sitima umapindika ndipo sungawongokenso. Ine ndinkamata tiwiri patsiku basi. Paja akulu anati kuthamanga sikufika.

Anzanga, manjawa anaphunzira kugwira sowo m'chipinda cha ukalipentala pasukulu pathu pano. Ndikupempha kuti pa zopereka za chaka chino tipatulepo yogulira masowo ndi mapuleni, kuti ana athu naonso aphunzire.