Nchito ya Lero Igwiridwe Lero: Mau Olankhulidwa pa Cikondwerero ca Zaka 50 za Mpingo Wathu

 Komiti ya cikondwerero inatipempha kuti tilankhule za ulesi, ndi za mmene munthu angakhalire wakhama tsiku ndi tsiku. Ena angadabwe kuti pa tsiku la nyimbo, la citenge catsopano ndi la nsima ya nkhuku tikambe nkhani yotere. Tinavomera cifukwa zaka 50 zimene tikondwerera lero zinamangidwa ndi anthu amene anali kudzuka thupi likali kufuna kugona, ndipo zaka 50 zikubwerazo zidzafunanso anthu otero.

Tiyambe ndi kukumbuka kumene tacokera. Lusaka anakhala likulu la dziko mu 1935, ndipo Kamwala wathu uno ndi amodzi mwa malo oyamba amene atsamunda anamangira anthu akuda ogwira nchito m'tauni. Masiku amenewo nyumba inali kuyendera pamodzi ndi nchito. Nchito ikatha, nyumbanso yapita. Amene analibe nchito yolembedwa anali kupempha malo pa mafamu ozungulira tauni ndi pa misasa ya makampani omanga, n'kudzimangira tinyumba ta zidina. Ndico cifukwa cake makomboni ena ali ndi maina a eni malowo, monga George, John Howard ndi John Laing. Dziko litalandira ufulu mu 1964 anthu anaculuka kwambiri m'makomboni amenewa, koma munalibe mipopi, munalibe miseu yeniyeni, ndipo boma linali kuwaona ngati malo oyenera kugwetsedwa.

Mu 1974, m'zaka zomwezo mpingo wathu ukuyamba, zinthu zinasintha. Boma linakhazikitsa lamulo lovomereza makomboni ndi kupatsa eni nyumba cilolezo cokhalapo zaka 30. Caka comweco World Bank inabwereketsa ndalama zokonzera Chawama, George, Chaisa, Chipata ndi Garden. Koma ndalama pazokha sizikumba dothi. Eni komboni anayenda pamodzi ndi akatswiri a khonsolo kusankha modutsa miseu. Amene nyumba zao zinali pa njira ya mseu anapatsidwa malo pafupi, namanganso ndi manja ao. Nyumba zinaikidwa m'magulu a 25, gulu lililonse ndi mpopi wake, ndipo m'malo ambiri mifolo ya mapaipi anakumba ndi anthu eni ake, ndi mapiki ndi mafosholo, opanda malipiro. M'zaka za m'ma 1980 anthu a ku Kalingalinga anacitanso cimodzimodzi mothandizidwa ndi dziko la Germany. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, njala ndi kukwera mitengo kwa zinthu zitatipanikiza, azimai ambiri anakonza miseu ndi mifolo m'makomboni pansi pa PUSH, malipiro ao ali ufa, nyemba ndi mafuta ophikira.

Ena a inu agogo amene mwakhala kutsogolo kuno munagwira nao mapiki amenewo. Mukudziwa kuti dothi la Lusaka lili ndi mwala pansi, ndipo piki ikagunda mwala imabweza dzanja. Funso lathu lero ndi ili: n'ciani cinali kudzutsa anthu amenewa Loweruka m'mawa, atagwira kale nchito sabata yonse? Anali anthu ngati ife, otopa ngati ife, okonda tulo ngati ife. Tikayang'ana bwino tipeza zinthu zitatu. Nchito inali yoyezedwa, munthu aliyense anali kudziwa kuti gawo lake liyambira apa kulekeza apo. Nthawi inali yoikika, onse anali kudziwa tsiku ndi ola. Ndipo mnansi anali pomwepo, kotero kuti wosabwera anali kudziwika, ndipo wofooka anali kulimbikitsidwa ndi nyimbo za anzake. Palibe amene anadikira kuti mtima uyambe wafuna. Anayamba kukumba, ndipo cikhumbo cinabwera madzi atatuluka pa mpopi woyamba.

Mbiri imeneyi ili ndi mbali yaciwiri imene tiyenera kuinena poyera. Mtengo wa kopa unagwa mu 1975, cuma ca dziko cinafooka, ndipo m'zaka zotsatira mabanja ambiri analeka kulipira ndalama za mwezi za madzi ndi zinyalala. Zinyalala zinaunjikana, mipopi yoonongeka inakhala osakonzedwa, mifolo inadzaza mcenga. Kuyamba kunali ndi ng'oma ndi alendo. Kusamala kunalibe woimbira m'manja, ndipo ndi pamene ambiri anagwera mphwayi. Tonse tikudziwa zimenezi m'nyumba zathu. Kugula mbuzi n'kosangalatsa, kuidyetsa tsiku lililonse ndiye nchito.

Tsono timvetsetsane za mau akuti ulesi, kuti tisapweteke anthu osalakwa. Mnyamata amene watsiriza Giredi 12, wayenda ndi makalata m'maofesi mpaka nsapato kutha, osapeza nchito, si waulesi. Amai amene amafika ku Soweto Market kusanace kukaoda repu ndi tomato, n'kukhala pa dzuwa mpaka madzulo, si aulesi, ngakhale phindu lao likhale locepa. Pitani mu Alick Nkhata Road ku Kalingalinga mukaone azimai akuphwanya miyala ndi nyundo, ndi anyamata akupala matabwa ndi kuwotcherera mageti. Mu 2024, cilala citaumitsa madzi ku Kariba ndipo malaiti akuzima maola ambiri pa tsiku, owotcherera ndi ometa tsitsi anali kudzuka pakati pa usiku malaiti akabwera, kuti agwireko nchito maola awiri kapena atatu. Makomboni athu ndi odzaza ndi anthu akhama.

Ulesi umene uli pakati pathu umavala zovala zaulemu. Dzina lake ndi kudikira, ndipo mau ake okondedwa ndi akuti mawa. Tidikira khonsolo kuti idzacotse mabotolo ndi mapepala a pulasitiki mu mfolo wa pa geti pathu. Tidikira nchito ya mu ofesi, uku tikukana kuphunzira ya manja. Tidikira kapito yaikulu, uku K20 ya tsiku lililonse ikuthera ku kubecha mpira. Tidikira kuti ana akule, kuti mvula ithe, kuti masankho apite. Makolo anati zengerezu analinda kwaukwau, ndipo mwambi umenewu tauona ukukwanira ndi maso athu.

Kumbukirani kolera. Mu Okutobala 2017 anayambira ku Chipata komboni ndi ku Kanyama, ndipo pofika Januwale 2018 asilikali ndiwo anali kusesa m'tauni ndi kufukula mifolo, misika yatsekedwa, misonkhano ya anthu ambiri yaletsedwa. Mu Okutobala 2023 matendawo anabweranso. Anthu oposa 20,000 anadwala m'dziko lonse, mazana anamwalira, National Heroes Stadium inasanduka cipatala, ndipo ana athu anatsegulira sukulu pa 12 Febuluwale 2024 m'malo mwa kuciyambi kwa Januwale. Kolera ali ndi zifukwa zazikulu zimene banja limodzi silingathetse. Ku Kanyama madzi ali pafupi pansi pa mwala, ndipo mvula ikagwa zimbudzi zokumba zimasefukira m'zitsime. Zimenezo zifuna boma ndi ndalama zambiri, ndipo tisaleke kuzinena kwa makhansala ndi aphungu athu. Koma kuthira kolorini m'cigubu, kuika madzi ndi sopo pa khomo la cimbudzi, ndi kufukula mamita khumi a mfolo wa pakhomo pathu, zimenezo zili m'manja mwathu. Ndi nchito ya ola limodzi, ndipo ola limenelo likhoza kusunga moyo wa mwana.

Nanga ticite bwanji? Tibwerere ku zinthu zitatu zija za makolo athu.

Coyamba, yezani nchito. Munthu akati ndifuna kusintha moyo wanga, amakhala pansi cifukwa sadziwa pogwira. Akati lero ndikafunsa fomu, amanyamuka. Inu acinyamata, mu 2022 ndalama za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwense iliyonse, ndipo mbali ina ndi yolipirira maphunziro a luso m'masukulu ovomerezeka ndi TEVETA. Kamwala ali mu Kabwata, ndipo mafomu amadutsira ku komiti ya citukuko ya wadi. Si onse opempha amene amapatsidwa, koma wosalemba fomu wadzikana yekha. Gawo lanu la sabata ino likhale kupita kukafunsa ndi kusonkhanitsa mapepala ofunika. Inu makolo, sukulu za boma n'zaulere kuyambira mu Januwale 2022. Gawo lanu ndi kutsegula buku la mwana madzulo, ngakhale mphindi khumi, ndi kumufunsa cimene waphunzira. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Caciwiri, ikani nthawi. Nchito yopanda ola lake imadyedwa ndi foni. Munthu amatsegula Facebook kapena TikTok kuti aone kamodzi, podzazindikira dzuwa lili pamutu ndipo mabandulo atha. Sankhani usiku nchito imodzi yovuta ya mawa, muike zida zake pa khomo, ndipo m'mawa muiyambe foni isanagwiridwe. Amai ogulitsa pa msika amadziwa kale cinsinsi cimeneci. Samadzifunsa m'mawa ngati ali ndi mtima wopita ku Soweto. Dengu analikonza dzulo, ola la minibasi alidziwa, ndipo miyendo imapita yokha.

Cacitatu, pezani mnzanu. Taonani cilimba. Mai amene sangasunge K50 pansi pa pilo amaipereka mosaphonya Lacisanu lililonse, cifukwa anzake akumuyembekeza ndipo tsiku lake lolandira likubwera. Mphamvu imeneyo tiigwiritse nchito pa zinthu zinanso. Ophunzira awiri apangane ola lowerenga. Nyumba zisanu zoyandikana zipangane Loweruka lofukula mfolo. Mnyamata wofuna kuleka kubecha apereke ndalama yake ya tsiku kwa mkulu amene amukhulupirira. Mutu umodzi susenza denga.

Ndiye pali nkhani ya kupitiriza, paja m'pamene ambiri anagwera. Tsiku lina mudzaphonya. Mudzagona mopitirira, mudzadya kapito pa maliro, mudzalephera mayeso. Ulesi umalowera pamenepo, n'kukunong'onezani kuti zonse zapita, ingolekani. Dzedzeredzedzere salingana ndi kugweratu. Wophonya Lolemba abwerere Laciwiri, asadikire caka catsopano. Lembaninso zimene mwacita m'kabuku: ndalama zimene mwasunga, masamba amene mwawerenga, mabuloko amene mwaumba. Tsiku lofooka mukatsegula kabukuko mudzaona kuti mwayenda ulendo, monga mmene bulosha ili m'manja mwanuyi ikutionetsera ulendo wa mpingo.

Tinenenso za abale athu amene amaoneka ngati aulesi pamene ali odwala. Munthu amene wataya mwamuna, mkazi, mwana kapena nchito akhoza kukhala miyezi osafuna kudzuka, osafuna kusamba, osafuna kudya. Wina ali ndi shuga, wina magazi ocepa, wina TB, wina mowa wamugwira. Munthu wotere tikamunyoza timamukankhira pansi. Tipite kwao, tikhale naye, timuperekeze ku kiliniki. Ndipo inu amene mumagwira nchito masiku asanu ndi awiri osapuma, kumbukirani kuti khasu nalonso amalinola. Kupuma kwa munthu amene wagwira nchito n'koyenera, ndipo kumampatsa mphamvu za sabata yotsatira.

Inu agogo athu, tikupemphani kuti musasunge mbiri imeneyi m'mitima mwanu mokha. Auzeni adzukulu mmene munanyamulira mcenga pamutu pomanga chalichi cino, mmene munasonkhera mangwee, ndi mmene munakumbira mifolo ya madzi amene iwo amatunga lero. Mwana amene adziwa kuti mpopi unakumbidwa ndi agogo ake sausiya ukudontha. Inu amisiri a mumpingo muno, a matabwa, a zitsulo, a makina osokera, a magalimoto, aliyense atenge mwana mmodzi caka cino amuphunzitse nchito. Kukalipira acinyamata pa guwa n'kosavuta, koma kuwapatsa nyundo m'manja ndiko kumawasintha.

Mvula imayamba mu Novembala. Tikupempha kuti isanagwe, dera lililonse la mpingo wathu lisankhe Loweruka limodzi, ola limodzi lodziwika, ndi mfolo umodzi woyezedwa, kuyambira pa geti ya chalichi cino mpaka m'miseu imene tikhalamo. Akulu a madera alembe maina lero lomwe, tisanadye. Amene ali ndi wilibala abwere nayo, amene ali ndi fosholo abwere nayo, ndipo amene msana sulola abwere ndi madzi akumwa ndi nyimbo. Mwezi wotsatira tidzabwerenso, ndi winawo, kufikira cikhale cizolowezi cimene ana athu adzacipeza ndi kucipitiriza.

 Mulungu amene anasunga mpingo uno zaka 50 adalitse nchito ya manja anu.