Timu Yogulitsa Mbewu Yake

Nkhani ya lero ikuchokera ku America, kumene maseŵera a basketball ali ndi ligi yaikulu yotchedwa NBA. M'maseŵera ameneŵa timu imaloŵetsa anthu asanu okha m'bwalo, motero munthu mmodzi waluso angathe kukweza kapena kugwetsa timu yonse. Matimu amasinthanitsana oseŵera, ndiponso amasinthanitsana mwayi wosankha anyamata atsopano pa chisankho chimene chimachitika chaka ndi chaka. Timu imene yagwa ikafuna kudzukanso, imayamba ndi anyamata otereŵa, pakuti iwo ndiwo mbewu yake.

Timu ya Oklahoma City Thunder idalaŵa mbali zonse ziŵiri za malonda ameneŵa. M'chaka cha 2012 idafika pa ndime yomaliza yolimbirana chikho, koma idagonja kwa Miami Heat. Inali ndi anyamata atatu oopsa: Kevin Durant, Russell Westbrook ndi James Harden. Mu Okutobala chaka chomwecho, akuluakulu a timuyi atalephera kumvana ndi Harden pa za malipiro, adamupereka ku Houston Rockets ali ndi zaka 23. Ku Houston mnyamatayo adakula nasankhidwa kukhala woseŵera wopambana onse m'ligi mu 2018. Durant adachoka mu 2016, ndipo gulu lija lidabalalika lisanatenge chikho.

Mu Julayi 2019 zinthu zidatembenuka. Timu ya Los Angeles Clippers idafuna chikho mwamsanga. Pofuna kukopa katswiri Kawhi Leonard, idapempha Paul George wa ku Oklahoma City kuti aŵiriwo aseŵere limodzi. Mtengo wake unali waukulu: Danilo Gallinari, mwayi usanu wosankha anyamata m'ndime yoyamba ya chisankho, ndi Shai Gilgeous-Alexander, mnyamata wa ku Canada amene adali atangoseŵera chaka chimodzi m'ligi.

Omvera ena adzafunsa ngati a Clippers adalakwa. Pa nthaŵi imeneyo ambiri adaŵayamikira, ndipo mu 2021 timuyi idafika pa ndime yomaliza ya chigawo cha kumadzulo kwa nthaŵi yoyamba m'mbiri yake. Komabe kuvulala kudasautsa akatswiri ake aŵiri aja, chikho sichidabwere, ndipo mu 2024 George adapita ku Philadelphia.

Ku Oklahoma City, mkulu woyendetsa timu Sam Presti adasankha kudikira. Nyengo ya 2020-21 timuyi idapambana maseŵera 22 okha, yotsatirayo 24. Anthu adaiseka, koma zaka zoŵaŵazo zidapatsa Gilgeous-Alexander mpata wogwira mpira, kulakwa ndi kuphunzira, mpata umene sakadaupeza pakati pa akatswiri ofuna chikho lero lomwe. Mu 2022 mwayi umodzi wochokera ku Clippers udabweretsa Jalen Williams, amene adasanduka dzanja lake lamanja. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. M'nyengo ya 2024-25 timuyi idapambana maseŵera 68 mwa 82, Gilgeous-Alexander adasankhidwa kukhala wopambana onse m'ligi, ndipo pa 22 Juni 2025 idagonjetsa Indiana Pacers m'maseŵera achisanu ndi chiŵiri n'kutenga chikho.

Mtengo wa woseŵera wachinyamata suoneka pa tsiku la malonda. Wogulitsa amaŵerenga zimene mnyamatayo wachita kale, zomwe kaŵirikaŵiri zimakhala zochepa, pamene wogula amalandira zaka zonse za m'tsogolo. Katswiri wamkulu akavulala kapena akachoka, timu imene idapereka mnyamata pamodzi ndi mwayi wake wosankha imapezeka ilibe poyambira, monga mlimi amene wakazinga mbewu mvula isanagwe. Oklahoma City idadikira zaka 13 kuchokera pa kuchoka kwa Harden kufikira chikho cha 2025, ndipo idachipeza ndi mnyamata amene timu ina idamutaya msanga.