NKHOSA YAMPHONGO NDIYO THEKA LA KHOLA

Mau olankhulidwa kwa oweta nkhosa ku Matero, mu Lusaka

Ambiri a inu mukhala muno m'Matero cifukwa ca nchito, koma makola anu ali kumudzi, ku Petauke, ku Katete kapena ku Chipata. Mukapeza ndalama mugula nkhosa yamphongo, pena ku msika wa ku Chibolya, pena pa famu, ndi kuitumiza kwanu. Lero ndifuna kukuuzani za nthenda ina ya nkhosa, cifukwa mbiri yace itiphunzitsa kusankha bwino mphongo.

Nthendayi Angerezi aicha scrapie, ndiko kunena kudzikhula, ndipo inadziwika ku Britain m'caka ca 1732. Nkhosa yodwala imva kuyabwa kosaleka, nidzikhula pa mitengo kufikira ubweya utathothoka. Pambuyo pace iyamba kunjenjemera ndi kudzandira, ionda ngakhale ikudya, ndipo potsiriza ifa. Mankhwala ace palibe, katemera palibenso. Coopsa cace ndi cakuti ibisala m'thupi zaka 2 kufikira 5 isanaoneke. Motero munthu angathe kugula nkhosa yonenepa, osadziwa kuti wagula imfa. Paja akulu anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ku South Africa nthendayi inapezeka m'caka ca 1966 pakati pa nkhosa zocokera ku Britain, ndipo Boma la kumeneko linalimbana nayo mpaka 1972.

Cimene cidwalitsa nkhosa ndi kanthu kocedwa prion, dzina limene Stanley Prusiner wa ku America anakapatsa mu 1982. Kanthuka kaononga ubongo. Kafalikira makamaka pa nyengo yakubala, mwa zotsalira zimene zituluka mwana wa nkhosa atabadwa, ndipo kakhala m'nthaka ya khola zaka zambiri.

Tsono tamverani cinthu codabwitsa. M'khola limodzi, pa msipu umodzi, nkhosa zina zinali kufa koma zina osadwala konse. Akatswiri atafufuza anapeza kuti kusiyana kuli m'cibadwa. Mwana wa nkhosa aliyense alandira zizindikiro ziwiri za cibadwa zokhudza nthendayi, cimodzi kwa atate wace, cimodzi kwa amace. Zizindikirozo anazicha maina a zilembo. Ca ARR ndico colimba, ca VRQ ndico cofooka koposa, ndipo ca ARQ ciri pakati. Nkhosa yolandira ARR ku mbali zonse ziwiri siidwala kawirikawiri, koma yolandira VRQ kuwiri konse igwidwa msanga.

Taganizani tsopano. Nkhosa yaikazi ibala mwana mmodzi kapena awiri pa nthawi imodzi, koma mphongo imodzi ikwera zazikazi 30 kapena 40 pa nyengo imodzi. Ikakhala ya ARR kuwiri konse, ana ace onse alandirako cizindikiro colimbaco. Ndico cifukwa cace m'caka ca 2001 Boma la Britain linayamba kupima mwazi wa nkhosa zamphongo. Za VRQ anazifula kapena kuzipha, zolimba nazisunga zambeu, ndipo nthenda inacepa kwambiri.

Koma musayese kuti mwazi umodzi ugonjetsa matenda onse. Mu 1998 ku Norway kunapezeka mtundu wina wa scrapie umene ugwira ngakhale nkhosa za ARR. Ku Kenya nkhosa zofiira za Amasai zipirira njoka za m'mimba kupambana Dorper, ngakhale Dorper ikula msanga ndi kulemera. Nkhosa zathu za mcira wamafuta nazonso zazolowera dzuwa ndi msipu wa kuno kwa mibadwo yambiri. Mlimi wofula mphongo zace zonse za makolo cifukwa cokopeka ndi yacilendo angathe kutaya cuma cimene sadzacipezanso.

Cotero kumbukirani izi. Pogula mphongo funsani za khola locokerako, makolo ace, ndi cimene cinapha zinzace. Musagule nkhosa yolowa m'dziko mobisa yopanda kalata ya dotolo wa ziweto. Yatsopano muisunge padera poyamba. Nkhosa ikabala, kwirirani zotsalira mozama kapena kuzitentha. Mbeu muzisankha kwa nkhosa zimene zikhala zamoyo ndi kubala bwino caka ndi caka, ndipo mphongo isakwere ana ace.

Nkhosa ikayamba kudzikhula ndi kudzandira, musaigulitse, musaiphe kuti mudye. Pena ndi mphere cabe, pena ndi ciwewe cimene cipha anthu. Uzani a ofesi ya ziweto msanga. Iwo adziwa kutumiza zofunika kupima ku Central Veterinary Research Institute ku Balmoral, pafupi ndi Chilanga.

Mukalembera abale kumudzi, auzeni mau awa.