Kujambula ndi Dothi la Kwathu

(Mawu amene m'modzi wa ife adayankhula pa msonkhano wapachaka wa ophunzira akale)

Poyamba ndithokoze komiti yathu pondipatsa danga loti ndiyankhule, ngakhale kuti ndine mwana pakati panu. Ena mwa inu mukundikumbukira ngati mnyamata uja ankalandira chibalo chifukwa chojambula nkhope za aziphunzitsi kumapeto kwa kope la masamu. Khalidwe lija sindidasiye, koma lero ndi limene likundidyetsa.

Nditamaliza Fomu 4 ndidafunitsitsa kujambula zithunzi za penti. Vuto lidali ndalama. Penti wa anthu ojambula sapezeka pa Migowi kapena pa Chiringa, mpaka munthu akwere ulendo wa ku Blantyre, ndipo mtengo wake ngwoboola m'thumba. Bambo anga adandiuza mosabisa kuti ndisiye zachibwanazo ndigwire khasu.

Tsiku lina ndidakhala ndikuyang'ana amayi akutsira m'nyumba. Pansi adazira ndi dothi lakuda, m'mbali mwa khoma nakongoletsa ndi lofiira ndi loyera. Ndidadzifunsa kuti, kodi ameneyu si penti? Ndidatapa katondo, makande, makala ndi phulusa, ndi kuyamba kuyesa.

Musaganize kuti zidayenda msanga. Chithunzi choyamba ndidangosakaniza dothi ndi madzi; chitauma, dothi lonse lidayoyoka. Apo ndidaphunzira kuti penti aliyense ali ndi zinthu ziwiri: chopereka mtundu ndi chomatira. Ndidaphika phala la ufa wa chinangwa kuti likhale chomatira. Lidagwira bwino ndithu, koma pasanathe mwezi mphemvu zidadya nkhope yonse ya munthu amene ndidamjambula, kungosiya chipewa. Pambuyo pake mmisiri wina wa matabwa adandigawira guluu woyera uja amamatira mipando. Nditamsungunula ndi madzi pang'ono ndi kuthiramo dothi, zidatheka.

Lero ndimachita chonchi. Dothi ndimaliyanika, kulisinja mumtondo ndi kulisefa. Kenaka ndimalivundula m'ndowa ya madzi. Mchenga umatsikira pansi msanga, ndipo madzi amatope apamwamba ndimawatsanulira m'chidebe china kuti adikhe usiku wonse. Zotsalira pansi m'mawa mwake ndiwo mtundu wosalala. Ndidazindikiranso kuti dothi lachikasu ukaliwotcha pamoto limasanduka lofiira, monga zichitira njerwa mu uvuni. Pojambulapo ndimagwiritsa ntchito thabwa lopyapyala kapena thumba la nsalu lopakidwa penti woyera wa nyumba. Pamwamba pake ndimamatapo zidutswa za zitenje zotola kwa atelala, makungwa ouma a nthochi, mchenga, ngakhale mapepala a nyuzi. Ndiye kuti chithunzi chimodzi chimapangidwa ndi zinthu zamitundumitundu.

Poyamba ndinkachita manyazi, poganiza kuti imeneyi ndi njira ya amphawi. Nditayamba kuwerenga ndidapeza kuti sichoncho. M'chaka cha 1912 ku France, Pablo Picasso ndi Georges Braque adayamba kumata mapepala ndi zinthu zina pa zithunzi zawo, ndipo akatswiri amati apo luso lidatsegula khomo latsopano. El Anatsui wa ku Ghana adatchuka pa dziko lonse polumikiza zitsekerero za mabotolo kukhala ngati nsalu zikuluzikulu. Kuno kwathu, m'mapanga a ku Chongoni m'boma la Dedza muli zithunzi zofiira za Akafula ndi zoyera zimene Achewa ankajambula ndi dothi. Bungwe la UNESCO lidaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Ku Mua, Bambo Claude Boucher adatsegula malo a Kungoni mu 1976, kumene amisiri ambiri aphunzira kusema ndi kujambula. Ndipo Samson Kambalu, amene adaphunzira pa Chancellor College ku Zomba, adaumba chifanizo cha John Chilembwe chimene chidaimikidwa pa Trafalgar Square mu mzinda wa London mu 2022. Choncho mwana wa m'Malawi akagwira luso, si kuti wasochera ayi.

Tsopano ndiloleni ndinene za chithunzi chimene ndachiimika pakhomopo. Akuluakulu muli pano mukukumbukira Malichi wa 1991, pamene madzi ndi miyala zidatsika m'phiri la Michesi ndi kupha anthu mazanamazana kuno ku Phalombe. Ine ndidali ndisanabadwe. Za Napolo ndinkangomva kwa agogo anga aakazi. Koma mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adabwera, ndipo ndidaona ndi maso anga. M'dziko muno anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Ife tidapulumuka, koma nyumba idagwa, ndipo munda wathu wa chimanga ndi nandolo udakwiririka ndi matope.

Kwa miyezi itatu sindidajambule kanthu. Kenaka ndidapita kumunda kuja ndi ndowa, ndi kutapa matope omwewo. Phiri mukulionalo ndidalijambula ndi matope amenewo. Kachidutswa ka lata kali pansipo nkochokera pa denga lathu. Nsalu yomwe yavala mayi wosenza mwanayo ndi chitenje cha agogo chimene tidachifukula patapita sabata ziwiri. Nditamaliza ndidawaitana agogo. Maso awo saona bwino, tsono adachisisita ndi dzanja kwa nthawi yaitali, nati, "Mdzukulu wanga, dothi ili lidatidyera munda, koma iwe walimanga." Bambo adaima chapatali osanena kanthu. M'mawa mwake adandibweretsera thabwa limene adasunga kuti akhomere chitseko.

Munthu wina wa mumzinda adafuna kuchigula chithunzichi pa mtengo umene ukadatigulira malata angapo. Tidakhala pansi pabanja usiku wonse, ndipo tidagwirizana zokana. Zina ndimagulitsa, ichi ayi. Ndachibweretsa kuti, ngati a mphunzitsi wamkulu alola, chikhale mu laibulale kwa teremu imodzi, ana achione ndi kuchigwira.

Pomaliza ndili ndi pempho kwa inu anzanga. M'makalasi muno muli ana amene akujambula kumapeto kwa makope awo monga ndinkachitira ine, ndipo enanso ali ndi zimene adaona mu 2023 zomwe sangathe kuzinena ndi pakamwa. Ine ndadzipereka kubwera Loweruka loyamba la mwezi uliwonse kudzawaphunzitsa kwaulere. Dothi tili nalo, makala tili nawo. Chosowa ndi guluu, maburashi, matabwa ndi kabati yosungiramo ntchito zawo kuti chiswe chisadye. Amene muli ndi shopu, amene mumasoka, amene muli ndi matabwa otsala, perekani maina anu kwa mlembi tisanabalalike. Paja akulu adati mutu umodzi susenza denga.

Chaka chamawa, Mulungu akalola, pakhomo paja padzaima zithunzi za ana athu, osati changa chokha.