Nyumba ya Miyala ya pa Khondowe

Munthu wochokera ku Karonga akatsata mseu wa m'mbali mwa nyanja napyola Chilumba, amafika pa Chitimba, pamene mseu wa Gorodi umayambira kukwera phiri mokhotakhota. Pamwamba pake ndi pa Khondowe, pamene Dr Robert Laws anakhazika mishoni ya Livingstonia m'chaka cha 1894. Lero malowa ali m'boma la Rumphi, komabe mbiri yake ndi ya Karonga nzosalekanitsika, pakuti ana ambiri a ku Ngonde anaphunzira pa sukulu ya pamenepo.

Nyumba imene Laws anakhalamo, yotchedwa Stone House, inamangidwa mu 1903 ndi miyala yosema. Mwini wake atabwerera kwawo ku Scotland mu 1927, nyumbayo inatsala, ndipo m'kupita kwa nthaŵi inasanduka mosungiramo zinthu zakale. Muli makalata ndi mabuku ake, zithunzi za masiku oyamba a mishoni, galamafoni, ndi mkanjo umene anavala atasankhidwa mu 1908 kukhala mtsogoleri wa mpingo wa United Free Church of Scotland.

Mlendo wofulumira amathamangira mkanjowo. Koma chinthu choyenera kuimapo nthaŵi ndicho chipangizo chakale chogonetsera odwala pochita opaleshoni. Laws anali sing'anga, ndipo kale mu 1876, mishoni ikali ku Cape Maclear, anagoneka munthu ndi mankhwala a chloroform namchita opaleshoni. Anthu anaona mnzawo ali gone ngati wakufa, mpeni ukuyenda pathupi pake, kenaka nadzuka ali moyo. Mbiri yotere inkayenda m'midzi msanga kuposa ulaliki. Zilinso chimodzimodzi ndi timagalasi ta zithunzi timene ankatiunika ndi nyali kuti tioneke pa nsalu usiku: kwa ambiri imeneyo ndiyo inali kanema yawo yoyamba.

Katundu wa m'nyumbayi ngwa mzungu mmodzi, koma wopenya bwino amaonamo anthu enanso. Miyalayo inasemedwa ndi amisiri akuda ophunzira ntchito pa mishoni pomwepo. Ndipo sukulu imene Laws ankailingalira ali m'zipinda zimenezi ndiyo inaphunzitsa Levi Mumba, mlembi wa bungwe la North Nyasa Native Association lomwe linayambira ku Karonga mu 1912, kudzanso Clements Kadalie, amene mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town. Kaya Laws ankayembekeza kuti ophunzira ake adzafika pamenepo, ndi nkhani ina.

Chuma china cha nyumbayi chili panja, pa kapinga. Mu 1959, dziko litavuta pa nkhani ya chitaganya, ndege ya boma inaponya uthenga wofunsa amishoni kuti aonetse chizindikiro ngati akufuna kuchotsedwa pamalopo. Akuda ndi azungu atakambirana, anayala pansi zilembo zoyera zoloza ku Aefeso 2:14, ndime yonena za kugumula khoma lolekanitsa anthu. Ndegeyo itabweranso inaŵerenga yankho ili m'mwamba, ndipo amishoniwo sanachoke.

Pa Karonga penipeni pali nyumba ina ya zakale, yotsegulidwa mu 2004, momwe muli chigoba cha chinyama chakale chotchedwa Malawisaurus. Ana a sukulu akachoka kumeneko atakhuta za mafupa, ulendo wa ku Khondowe ngwa tsiku limodzi lokha, malinga mvula isanaononge mseu wa Gorodi.