Cilolezo ca Wothandiza Anthu Obvutika Maganizo: Phunziro Locokera ku America

M'maphunziro athu onena za nchito zosiyanasiyana, lero tikambirana nchito imene m'Cingerezi amaichula kuti clinical social worker. Tiona mmene munthu wa m'dziko la United States of America amafikira pa nchito imeneyi, ndi cifukwa cake boma silimlola kuigwira yekha asanayang'aniridwe kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo. Konzani mabuku ndi mapensulo anu, pakuti pali mau oti mulembe ndi samu yoti muwerengere.

Tiyambe ndi nchito yeniyeniyo. Munthu akathyoka mwendo amapita kucipatala, ndipo dokotala amaona pamene pabvulala. Koma pali zowawa zina zimene sizioneka ndi maso. Mwana amene amai ake amwalira angaleke kudya ndi kusewera. Msilikali wobwera ku nkhondo angalephere kugona cifukwa ca zimene anaona. Bambo wina angagwidwe ndi mowa kotero kuti banja lake lonse likhala m'misozi. Clinical social worker ndiye munthu wophunzitsidwa kukhala pansi ndi anthu otere, kumva nkhani yao, kuzindikira cimene cikuwabvuta m'maganizo, ndi kuwathandiza mwa kukambirana nao kwa milungu kapena miyezi. Iye salembera munthu mankhwala, pakuti imeneyo ndi nchito ya dokotala. Amayang'ananso zimene zamzinga wodwalayo: banja, nyumba, sukulu, ndalama, ndi cakudya. M'phunziro lino tizimchula kuti mthandizi.

Nchito imeneyi inayamba pang'onopang'ono. M'caka ca 1889 mai Jane Addams ndi mnzake anatsegula nyumba yochedwa Hull House mu mzinda wa Chicago, kuti athandize amphawi ndi alendo obwera kumene m'dzikomo. M'caka ca 1898, mu mzinda wa New York, munayamba maphunziro a milungu yocepa ophunzitsa anthu ofuna kugwira nchito yotere. M'caka ca 1917 mai Mary Richmond anatulutsa buku lochedwa Social Diagnosis, lophunzitsa kuti mthandizi ayenera kufufuza bwino nkhani ya munthu asanagamule cocita. Caka cotsatira, 1918, sukulu ya Smith College inayamba kuphunzitsa amai oti akathandize asilikali amene anasokonezeka maganizo pa nkhondo yaikulu yoyamba. Kucokera pamenepo anthu anazindikira kuti mtima wabwino wokha sukwanira pa nchitoyi, kufunikanso maphunziro ndi luso.

Nanga cilolezo cifunika cifukwa ninji? Ganizirani za woyendetsa basi. Sitikwera basi ya munthu wopanda laisensi, cifukwa moyo wathu uli m'manja mwake. Wobvutika maganizo nayenso amapereka moyo wake m'manja mwa mthandizi. Amaulula zinthu zimene sanauzepo ngakhale mbale wake. Ngati mthandizi ndi wosadziwa, angalephere kuona kuti munthuyo ali pafupi kudzipweteka. Ngati ndi wosakhulupirika, angamdyere ndalama kapena kufalitsa zinsinsi zake. Cilolezo ndi lonjezo la boma kwa wodwala lakuti munthu uyu anaphunzira, anayesedwa, ndipo akalakwa pali kumene mungakadandaule.

Dziko la America lili ndi zigawo 50, ndipo cigawo ciriconse cili ndi malamulo akeake pa nkhani imeneyi. Ife titenga cigawo ca California monga citsanzo. Kumeneko cilolezo cimaperekedwa ndi bungwe la boma lochedwa Board of Behavioral Sciences. Pali masitepe anai amene munthu ayenera kukwera.

Sitepe loyamba ndi sukulu. Atatsiriza sekondale, wophunzira amakhala zaka zinai pa yunivesiti kuti alandire digiri yoyamba. Kenaka amaonjezera zaka ziwiri kuti alandire digiri yaciwiri, yochedwa Master of Social Work. Sukulu yake iyenera kukhala yobvomerezedwa ndi bungwe la Council on Social Work Education, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1952. Bungweli limalamula kuti wophunzira digiri yaciwiri agwire nchito yoyeserera kwa maola osacepera 900 m'malo monga cipatala, sukulu kapena ofesi yosamalira ana, asanatsirize maphunziro ake.

Sitepe laciwiri ndi kulembetsa. Munthu wa digiri ziwiri mungayese kuti watha zonse, koma ku California saloledwabe kutsegula ofesi yakeyake. Amalembetsa dzina lake ku bungwe lija, amadinda zala kuti apolisi aone ngati anapalamulapo mlandu, ndipo amapatsidwa dzina lakuti Associate Clinical Social Worker, ndiye kuti mthandizi amene akali kuphunzira. Ayeneranso kuuza aliyense amene akumthandiza kuti iye sanalandirebe cilolezo cathunthu ndi kuti pali wamkulu amene akumyang'anira. Amalembanso mayeso a malamulo ndi makhalidwe oyenera pa nchito.

Sitepe lacitatu ndilo lalitali koposa, ndipo ndilo mtima wa phunziro lathu. Mthandizi watsopano ayenera kugwira nchito maola 3,000 pansi pa woyang'anira, ndipo nthawi yake isacepere milungu 104, ndiko kuti zaka ziwiri zathunthu. Mwa maola amenewa, 2,000 ayenera kukhala a nchito yeniyeni yofufuza ndi kuthandiza odwala, ndipo mwa 2,000 amenewo, maola 750 akhale okambirana ndi odwala maso ndi maso. Mlungu uliwonse umene ufuna kuwerengedwa, iye ayenera kukumana ndi woyang'anira wake kwa ola limodzi, kapena kwa maola awiri ngati akumana pagulu la anthu osapitirira asanu ndi atatu.

Tsopano tengani mapensulo. Lamulo likuti maola owerengedwa pa mlungu umodzi asapitirire 40. Gawani 3,000 ndi 40. Mwapeza 75. Munthu wolimbika angatsirize maola onse m'milungu 75 yokha, komabe lamulo limamuuza kuti adikire mpaka milungu 104 itakwana. Cifukwa cake ndi ici: luso lomvetsa anthu silibwera ndi kuthamanga. Wodwala amene wayamba kucira m'mwezi wa March angabwerere m'mbuyo m'mwezi wa September, ndipo mthandizi afunika kuona zonsezi zikucitika, ali ndi wamkulu pambali pake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Kodi mu ola lokumana ndi woyang'anira mumacitika zotani? Tiyerekeze kuti mthandizi watsopano akuthandiza mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri amene waleka kulankhula m'kalasi. Iye afika kwa woyang'anira ndi zolemba zake, nanena kuti mwanayo angokhala wamanyazi. Woyang'anira, amene waona ana ambiri otere, afunsa kuti: kodi analeka liti kulankhula? Kodi kunyumba kwafika munthu watsopano? Kodi amagona bwino? Kodi munamfunsa ali yekha, kapena makolo ali pomwepo? Mafunso amenewa angaonetse kuti mwanayo akuzunzidwa, cinthu cimene wophunzirayo sakanaciona yekha. Woyang'anira amafunsanso za mthandizi mwini wake, pakuti kumva mabvuto a anthu tsiku ndi tsiku kumalemetsa mtima, ndipo munthu wotopa kapena wokwiya saweruza bwino. Pamapeto woyang'anira amasaina maola amene agwiridwa. Kusainako si mwambo cabe. Woyang'anira ali ndi udindo pa nchito ya wophunzira wake, ndipo akanyalanyaza, cilolezo cake comwe cingakhale pangozi.

Zigawo zina zili ndi ziwerengero zina. Ku New York lamulo limafuna zaka zitatu, ndi maola 2,000 okumana ndi odwala. Ku Florida limafuna zaka ziwiri, ndi maola 1,500 okumana ndi odwala maso ndi maso. Ziwerengero zisiyana, koma mfundo ndi imodzi: palibe woyamba yekha.

Sitepe lacinai ndi mayeso akulu, okonzedwa ndi bungwe la Association of Social Work Boards, limene linayamba m'caka ca 1979. Mayesowa amalembedwa pa kompyuta, ndipo mafunso ambiri amafotokoza bvuto la munthu wina nafunsa cimene mthandizi ayenera kucita coyamba. Wopambana amalandira dzina lakuti Licensed Clinical Social Worker. Ngakhale atatero, sukulu siinathe. Ku California cilolezo cimakonzedwanso zaka ziwiri zirizonse, ndipo mwini wake ayenera kuonetsa kuti waphunzira maola 36 oonjezera m'zaka ziwirizo.

Njira imeneyi ili ndi zobvuta zake, ndipo anthu a ku America amatsutsana pa izo. Malipiro a wophunzira ndi ocepa, ndipo ena amalipira woyang'anira ndi ndalama za m'thumba mwao pamene pamalo pao pa nchito palibe woyenera. M'caka ca 2022 bungwe la mayeso linaulutsa ziwerengero zoonetsa kuti anthu akuda ndi anthu acikulire ankalephera mayesowo kawirikawiri kuposa anzao. Ambiri anafunsa ngati colakwa cili mwa olemba mayeso kapena mwa mayeso enieniwo. Cigawo ca Illinois cinayankha mwa kupanga lamulo m'caka ca 2023 lolola munthu amene walephera mayeso kuti aonjezere maola ena 3,000 oyang'aniridwa m'malo mwa kulembanso. Onani kuti ngakhale iwo amene anakayikira mayeso sanakayikire phindu la kuyang'aniridwa.

Kulemera kwa cilolezo kunaoneka bwino pa mlandu wina wochuka, wochedwa Jaffee v. Redmond. M'caka ca 1991 wapolisi wina wamkazi wa ku Illinois anaombera munthu ali pa nchito, ndipo munthuyo anafa. Wapolisiyo anabvutika mtima kwambiri, napita kwa mthandizi wa cilolezo pafupifupi nthawi 50. Abale a womwalirayo anakasuma kukhoti, nafuna kuti zolemba za mthandiziyo ziwerengedwe pa mlandu. Mthandizi ndi wodwala wake anakana. Nkhaniyo inakwera mpaka ku khoti lalikulu koposa la dzikolo, ndipo m'caka ca 1996 oweruza asanu ndi awiri mwa asanu ndi anai anagamula kuti zimene munthu wauza mthandizi wa cilolezo pofuna kucira ndi cinsinsi cimene makhoti a boma lalikulu sayenera kucikakamiza kuti ciululidwe. Iwo anati anthu akaopa kuti mau ao adzawerengedwa pagulu, adzaleka kufuna thandizo, ndipo dziko lonse lidzataya.

Koma cinsinsi cili ndi malire, ndipo ici ana inu mucimvetse. Lamulo la ku California limalamula mthandizi, ndi mphunzitsi yemwe, kuti akaganizira kuti mwana akuzunzidwa auze a boma mwamsanga. Momwemonso wodwala akanena motsimikiza kuti afuna kupweteka munthu wina, mthandizi ayenera kucitapo kanthu kuti ateteze munthuyo. Kudziwa nthawi yosunga cinsinsi ndi nthawi yolankhula ndi cimodzi mwa zinthu zobvuta koposa pa nchitoyi, ndipo munthu amaciphunzira m'zaka ziwiri zija, pa nkhani zenizeni, ali ndi womfunsa.

Kuno kwathu ku Zambia nchito yothandiza anthu ili ndi mbiri yake. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960 mu Lusaka munali sukulu yochedwa Oppenheimer College of Social Service, ndipo pamene University of Zambia inatsegulidwa m'caka ca 1966, inayambira m'nyumba za sukulu imeneyo ku Ridgeway. M'caka ca 2022 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la Social Workers' Association of Zambia, lonena za kulembetsa ndi kuyang'anira anthu ogwira nchito imeneyi. Malamulo athu si ofanana ndi a ku California, koma colinga cake ndi comweco, ndico kuteteza munthu wobvutika amene wabwera kudzafuna thandizo.

Inu ana amene mufuna nchito imeneyi mtsogolo, werengani zaka: zinai za digiri yoyamba, ziwiri za digiri yaciwiri, ndi ziwiri zoyang'aniridwa. Zonse pamodzi ndi zaka zisanu ndi zitatu mutatsiriza sekondale. Zinthu zitatu mungayambe kuziphunzira lero lomwe. Mvetserani mnzanu mpaka atsirize kulankhula. Musafalitse zimene wakuuzani mwa cikhulupiriro. Ndipo akakuuzani kuti wina akumpweteka, musasunge nokha, kauzeni aphunzitsi kapena wamkulu amene mumamkhulupirira.

Kwa aphunzitsi: phunziro likatha, lembani pa bolodi mau awa: cilolezo, woyang'anira, cinsinsi, udindo. Ana afotokoze tanthauzo la liu lirilonse m'mau ao. Kenaka ayankhe mafunso otsatirawa m'mabuku mwao.

1. Kodi nchito ya mthandizi isiyana bwanji ndi ya dokotala?
2. Chulani masitepe anai opezera cilolezo ku California.
3. Gawani maola 3,000 ndi milungu 104. Kodi ndi maola pafupifupi angati pa mlungu?
4. Cifukwa ninji lamulo silola munthu kutsiriza m'milungu 75?
5. Chulani nthawi ziwiri zimene mthandizi ayenera kuulula zimene wamva.
6. Ndi nchito ziti m'mudzi kapena m'komboni mwanu zimene munthu amaphunzira pansi pa wamkulu asanayambe kugwira yekha?

Funso lotsiriza likambidwe ndi kalasi lonse, ndipo ana afunsenso makolo ao kunyumba.