Mawu a mlendo wolemekezeka potsegulira maphunziro a madzi a pansi pa nthaka ku Area 25

Wapampando, mafumu athu a ku Mgona, ku Chinsapo ndi kuno ku Area 25, makhansala, alangizi a zaumoyo, amayi ndi abambo.

Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe inali m'gulu la maboma amene analira maliro ambiri. Mapuloti athu mukuwadziwa: chimbudzi apa, chitsime apo, pakati pake chingwe choyanikapo zovala basi. Mpopi ukauma, mayi amathamangira pachitsime chomwecho. Tsono zam'chimbudzi zija zikalowa pansi, zimalowera kuti, ndipo zimafika liti pachitsime?

Achinyamata athuwa abwera kudzaphunzira kuwerengera zimenezi pa kompyuta. Pulogalamu ya MODFLOW, yomwe bungwe la US Geological Survey linatulutsa mu 1984, imagawa nthaka m'timabokosi n'kuonetsa kumene madzi akulowera. Mitundu yake yakale payokha uve siiuona. Mukaiphatikiza ndi pulogalamu ya MT3DMS, m'pamene mumaona mmene nayitireti yochokera m'zimbudzi ikufalikira. Zonse ziwirizi n'zaulere. Pulogalamu ina, FEFLOW ya kampani ya DHI, imagawa nthaka m'timagawo ta makona atatu, choncho imatsata bwino kukhotakhota kwa mtsinje ngati Lingadzi, koma laisensi yake amagula ndi ndalama zakunja, ndipo za kusowa kwa ndalama zimenezo sindikuuzani ndine. Ine ndikuti tiyambe ndi MODFLOW.

Komabe ana inu, samalani. Pansi pa Lilongwe pali thanthwe lofumbwa pamwamba, kunsi kwake ming'alu. Madzi akapeza mng'alu amathamanga kuposa mmene timabokosi tija tikuonetsera, ndipo chithunzi chokongola pa kompyuta chikhoza kukunamizani. Pitani mukayeze kuya kwa madzi m'chitsime mu Okutobala kukatentha, mukayezenso mu Febuluwale nthaka itakhuta. Popanda manambala amenewo, pulogalamu yodula ndi yaulere zonse zingolota.

Mafumu, pempho langa lili kwa inu. Anawa akafika m'dera lanu ndi tepi yoyezera ndi timabotolo, auzeni anthu kuti sanabwere kudzatseka zitsime, komanso sakulemba maina a chithandizo. A National Water Resources Authority, tithandizeni ndi zolemba za mijigo yomwe inakumbidwa m'maderawa.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti maphunzirowa atsegulidwa.